Dimba Limene Sitinajambule

Anatiitana ku boma, ife a komiti ya kopaletivi, kuti tikaphunzile za chitukuko cha m'madela. Ine anandisankha chifukwa cha jekete, poti sukulu ndinaisiya aphunzitsi asanaloweze nkhope yanga. Ndinapita ndi alamu anga, alongo awo a akazi anga, pa njinga imodzi, iwo ngati katundu.

Wophunzitsa anali mayi wa ku Lusaka, wofatsa pakamwa. Anatipatsa chipepala chachikulu. "Jambulani chuma chonse cha m'mudzi mwanu," anatelo. "Dela limakula ndi zimene lili nazo kale."

Alamu ananditsina. "Mwamva, alamu? Akufuna kusuzumila m'thumba."

Kwathu chuma sitionetsa mlendo. Nkhokwe ingadzaze bwanji, akakufunsa umati chaka chino tapsa. Ukavomela kuti uli nazo, feteleza amapita mudzi wina, anzako n'kuyamba kukuyang'ana cham'mbali. Ndiye tinajambula mjigo wakufa, mlatho wogumuka, tchalitchi chopanda denga. Kudambo, kumene kuli dimba la akazi anga la lepu ndi tomato, lotidyetsa chilimwe chonse, tinasiya poyela.

Mayi uja anaika chala pamenepo. "Nanga apa, atate?"

"Tchile chabe, amayi," anatelo alamu, nkhope ngati ali pamalilo. "Ngakhale mbuzi zimakana."

Analembapo kanthu ndi inki yofiila. Ife tinati yewo, tinadya nkhuku yawo, n'kubwelela tikuseka njila yonse.

Mvula itatha kunafika galimoto yoyela. Munatsika anyamata ndi chingwe choyezela, chipepala chathu chija chili m'manja. Anati kukubwela munthu wodzalima soya pa malo ongokhala, ndipo akuluakulu anavomela ataona mapu ojambula eni mudzi. Anakhoma zikhomo zofiila, china pakatikati pa lepu.

Tinathamangila ku boma kukanena kuti dimba tinangoliiwala. Kalaliki anafunsa, "Kodi anajambula ndani?" Alamu anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo ngati zachilendo.

Akazi anga sanatikalipile, ndipo chimenecho ndicho chikundiopsa. M'mawa uliwonse amatsikila kudambo, amathilila lepu, chikhomo chija n'kuchithililanso. Dzulo ndinawafunsa moseka ngati chayamba kuphuka. Sanaseke. Anangoloza ndi mlomo kumsewu, kumene thalakitala yaima mphuno italunjika kudambo, ikudikila dizilo.