Masamba pa Geti la Munthu Wamoyo

Ndikamayenda m'tauni muno n'kupeza masamba atayalidwa pamsewu, anzanga amangotsitsa mawu n'kudutsa, koma ine ndimayamba ndaima. Aliyense amadziwa kuti masamba pamsewu ndiye kuti pakhomopo pagwa maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Ine ndinaonapo masamba otero ataikidwa pa geti la munthu wamoyo, wodya bwino, ndipo amene anawaika anali achemwali anga enieni, ine ndili pomwepo.

Tinabadwa atatu. Oyamba ndi achemwaliwo, kenako achimwene, ine chitsirizira. Sukulu inandikonda, ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku City Centre n'kumachita lendi kanyumba ka kuseri ku Area 15. Achimwene anali ndi shopu ya misomali, penti ndi malata ku Area 1. Achemwali anatsala kumudzi kwathu, kumene tauni yayamba kale kunyambita, akusamala dambo limene amayi anatisiyira. Kwathu nthaka imayenda ndi akazi. Mwamuna amakhala mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, wowayankhulira pamilandu, paukwati ndi pamaliro, koma munda si wake. Malume atamwalira, udindo umenewu unagwera achimwene.

Dambolo achemwali sanalidye okha. Anasonkhanitsa amayi a m'mudzi, ambiri amasiye ndi othawidwa ndi amuna, n'kuwagawira mabedi. Anakumba zitsime, anasonkherana n'kugula pampu yopalasa, ndipo chilimwe chonse dimba lija linkabiriwira ndi mpiru, repu, matimati ndi anyezi. Ndiwozo ankapikulitsa kumsika wa ku Old Town. Ana a amayi aja ankapita kusukulu atadya, atavala. Ine ndinkawanena achemwali kuti Atcheya, chifukwa ngakhale pomwa tiyi ankayankhula ngati akutsegula msonkhano. Sankakweza mawu, koma akati tipite uku, ngakhale muwakoke ndi ng'ombe sankabwerera.

Tsiku lina mvula itangosiya kumene achemwali anandipeza kuofesi, matope ali m'mapazi, alonda akuwayang'ana chammbali. Sanafune n'kukhala pansi komwe.

“Mng'ono wanga, m'dimba mwazikidwa mabikoni,” anatero. “Achimwene ako agulitsa dambo.”

“Agulitsa bwanji? Ndi lawo?”

“Akuti iwo ndi mwini mbumba. Wogulayo akufuna kudulamo mapuloti.”

Ndinapsa mtima. Pakamwa panga sipachedwa, ndipo ndikanapita ku shopu kuja tsiku lomwelo anthu a ku Area 1 akanaonerera filimu yaulere. Achemwali anandigwira mkono. Anati tiyambe tayenda njira yoyenera.

Njira yoyenerayo tinaiyendadi. Amfumu anati nkhani ya pachibale ikakambidwe ndi mwini mbumba, yemweyo amene anagulitsa. M'maofesi tinapukuta mabenchi ndi zitenje zathu. Uku abwana ali kumsonkhano, uko bwerani sabata yamawa, kwina mayi wina anatimvera chisoni kwambiri n'kutiuza kuti milandu ya malo imatha zaka. Tikuyendayenda choncho, lole inabwera n'kukhuthula miyala pa nazale ya matimati. Amayi ena a gulu anayamba kufooka. Mmodzi anafunsa achemwali kuti akadzale kapena asadzale, iwo anati adzale, ngakhale nawonso sankadziwa ngati adzakolole.

Maganizo a masamba anabwera ndi achemwali. Anati dimba likafa ndiye kuti ana afa, choncho akalire maliro a dimbalo pakhomo pa amene akulipha. Wogula uja anali bambo wa bizinesi wa ku Area 11. Ine ndinkadziwa njira za kumeneko, ndipo ndinawatsogolera. Amayi a gulu aja anatsika minibasi ku City Centre, tinayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, m'misewu ya zii imene sumva ngakhale nkhuku, mipanda yokhayokha yaitali ndi agalu ouwa osaoneka. Titafika anathyola nthambi za kesha n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa geti. Kenako anakhala pansi pa udzu, miyendo atatambasula, mipango kumutu, osayimba, osayankhula.

Poyamba ndinkafuna kuseka. Magalimoto akuluakulu ankafika pamasamba paja n'kuyamba kukwawa, madalaivala akuzimitsa mawailesi. Mlonda wa pageti anasowa mtengo wogwira. Mayi wina woyandikana nawo anatuluka atamanga chitenje pamwamba pa diresi la kuntchito, n'kugwada pafupi ndi achemwali kufunsa kuti zachitika nthawi yanji. Achemwali anayankha kuti chamwalira ndi dimba, ndipo anafotokoza zonse mwadongosolo. Mayiyo anagwira pakamwa n'kubwerera. Mumtima ndinati lero Atcheya awina.

Chimene palibe anachiganizira ndi ana. Masana galimoto ya sukulu inaima pamasamba paja, n'kutsika mtsikana wa yunifolomu, wa msinkhu wa sitandade seveni kapena eyiti. Anayang'ana masamba, anayang'ana amayi atakhala chamaliro pageti la kwawo, chikwama chinagwa. Kukuwa kumene anakuwa mwana uja sindidzakuiwala. “Adadi! Adadi anga!” Anadzigwetsa pa tala. Achemwali anadzambatuka, anamunyamula ngati wawo, akumuuza kuti bambo ako ali moyo, mwanawe, ali moyo, koma mwanayo sankamva kanthu.

Apo mpamene geti linatseguka. Anatuluka mayi wa nyumbayo, wamtali, Chichewa chake chomveka kuti kwawo ndi kumpoto. Anamulanda mwanayo m'manja mwa achemwali n'kumulowetsa. Atabweranso anaima patsogolo pathu, maso ali psu. Sanatukwane. Akanatukwana, ine ndikanapeza poyankhira.

“Amama, nkhani yanu ndaimva kwa mlonda,” anatero. “Inenso ndinakulira kumunda. Amuna anga sanandiuze kuti malowo ali ndi eni ake. Malo anuwo tengani, sitikuwafunanso, ndikuuzani ine. Koma mwatilaula. Mwana wanga mwamuonetsa imfa ya bambo ake. Chotsani masamba anuwa muzipita.”

Amayi anatola nthambi zija mmodzimmodzi. Pobwerera palibe analulutira. Achemwali ankayenda kumbuyo kwa onse, ndipo titafika pa siteji ndinaona kuti bulauzi yawo inali yonyowa paphewa ndi misozi ya mwana uja.

Mayi uja anasunga mawu ake. Mabikoni anazulidwa, ndipo miyala ija amayi anaisomba pamutu n'kumangira m'mbali mwa zitsime. Koma wogulayo anapita kwa achimwene kukafuna ndalama zake, ndipo nkhani inamveka Area 1 yonse, kuti mwini shopu ya malata anagulitsa malo a alongo ake, alongowo n'kukaika maliro pakhomo pa kasitomala. Amuna anzawo ankawaseka pa bawo.

Achemwali anati tipite tikawaone. Tinawapeza atakhala pa chitini cha penti, mashelefu ena ali mbee. Sanatipatse mpando. Achemwali, munthu wamkulu, anagwada pa simenti pakati pa misomali.

“Achimwene, tabwera kuti tikambirane.”

“Tikambirane chiyani? Amayi atadwala, anawagoneka kuchipatala ndani? Ana anu fizi ankalipira ndani? Dambo lija tauni ilimeza ndithu, mufune musafune. Ine ndimati tipezepo kanthu lisanapite laulere.”

“Mukanatifunsa,” ndinalowerera ine. “Kapena mbumba yanu ndi mbuzi zoti mungogulitsa khola zili momwemo?”

Sanandiyang'ane n'komwe. Ine anandizolowera kuyambira ndili mwana. Maso awo anali pa achemwali.

“Masamba aja simunaikire munthu uja. Munaikira ine. Ndiye ndikadzafa musadzavutike kubwera, munalira kale.”

Ndinkayesa ndi mawu a mkwiyo, oti akagona adzaiwala. Sanaiwale. Mwana wamkazi wa achemwali atapeza banja, pachinkhoswe mpando wa malume unakhala wopanda munthu, mpaka tinachita kupempha msuweni wakutali kuti atiyankhulire, akuchimuna akunong'onezana. Achemwali ankatumiza ndiwo zoyamba kucha ku Area 1 chaka chilichonse. Alamu athu, akazi a achimwene, ankalandira mwakachetechete, koma yankho silinkabwera. Ine ndinkakwiyira onse awiri, achimwene chifukwa cha mtima wawo wa mwala, achemwali chifukwa chosatopa kugogoda pa chitseko chokhoma. Zimene ananena achimwene za tauni sizinalinso zabodza, ndipo zimenezo zinkandiwawa kwambiri. Mipanda ya njerwa inkayandikira dambo lija chilimwe chilichonse.

Patapita zaka zingapo achimwene anagwa mu shopu ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo sanadzukenso. Anali atanena kale kuti adzaikidwe m'tauni momwemuno, osati kumudzi pafupi ndi amayi. Ine ndinafika kusiwa m'mawa. Chakumasana achemwali anatulukira atakwera kumbuyo kwa kagalimoto ka hayala, ndi madengu a kabichi, mpiru ndi matimati, zimene amayi a gulu anathyola kuti anthu adye pamaliro. Galimotoyo inaima pamasamba, kumene msewu wa kunyumbako umayambira.

Alamu anatuma amayi awiri achikulire a kumpingo kwawo kuti akakumane ndi achemwali pamasambapo. Anayankhula mwaulemu, maso ali pansi. Anati malemu anasiya mawu oti achemwali asadzalowe pamaliro awo, anawabwereza ngakhale mwezi watha, ndipo mawu a munthu wakufa iwo sangawadumphe. Kwathu mlongo ndiye amakhala kumutu kwa bokosi. Malo amenewo anali a achemwali, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa.

Ndinayamba kukalipa. Ndinati ngati munthu sakulowa, ndiwo zakenso zisalowe, adye mawu a malemuwo. Achemwali anandikoka chitenje.

“Usatero pamaliro a mlongo wako. Anthu abwera kutali, adya chiyani? Tsitsani madenguwo.”

Madengu analowa. Ndiwo za m'dambo lomwe lija zinadutsa masamba pamitu ya amayi a kumpingo, mwini wake n'kutsala kunja. Anayala chitenje m'mphepete mwa ngalande, pafupi ndi wogulitsa makala, n'kukhala pansi miyendo atatambasula. Ine anandiuza kuti ndilowe ndikakhale kumutu kwa bokosi m'malo mwawo. Ndinalowa, koma sindinakhalitse. Ndinatuluka kukakhala nawo pafumbipo.

Ku Area 1 anthu sasiya kuyenda chifukwa cha maliro. Ankadutsa a kabaza atatsika njinga zawo, amayi a malonda, ana a sukulu. Mayi wina wosenza beseni la nthochi anaima, anatiyang'ana, n'kutsitsa mawu.

“Pepanitu amayi. Zovutazi zagwera ndani?”

“Mlongo wanga,” anatero achemwali. “Wobadwa naye bere limodzi.”

“Nanga mwakhaliranji kunja kuno?”

Achemwali anayang'ana masamba aja, amene anali atayamba kale kufota ndi dzuwa. Aka kanali koyamba kuwaona Atcheya akusowa poyambira.

“Akuti ndinalira kale,” anatero.