Ndinapalira Ndiwo za Apongozi

Ndinalowa chikamwini kumapiri a ku Ntchisi ndili ndi zinthu ziwiri zokha zonyadira: khasu langa ndi msana wosatopa. Kwathu ndi kufupi ndi Chisepo, kumene dziko ndi lathyathyathya, ndipo ndinali nditagwira zaka zitatu pa esiteti ya fodya. Kumeneko kapitawo akapeza kaudzu kamodzi pamzere ankakubweza kuti ukayambirenso. Choncho kwa ine munda wabwino unali woyera ngati pabwalo posesa. Matama ndinali nawo ndithu, sindikana.

Mu Januwale wa chaka changa choyamba, lole inabwera kudzatenga amayi a m'mudzi kuti akakonzekere magule a msonkhano wa chipani kuboma. Masiku amenewo sunkafunsa kuti abwerako liti. Mkazi wanga anakwera, apongozi anga aakazi anakweranso. Ndinatsala ndi munda wa apongozi wa m'mbali mwa phiri, chimanga chikulekeza m'mawondo, m'mizere muli tizitsamba tambirimbiri. Ndinati ulendo uno aona kuti mwana wawo sanatole mlesi. Ndinapalira masiku atatu osasiya kanthu.

Atabwerako, apongozi anapita kumunda okha. Pobwerera anangokhala pakhonde n'kumayang'ana mapazi awo. Mkazi wanga ndiye anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Mwapalira ndiwo," anatero. "Chisoso chija amayi amachisiya dala. Ndiye mfutso wathu wa chilimwe chonse."

"Chisoso chili ponseponse," ndinayankha. "M'njira momwemu chilimo."

"Chimenecho n'cha m'njira. Ichi n'cha m'phiri, cha maluwa achikasu akuluakulu. Sichimera chisawawa ayi."

M'mawa mwake amalume a mkazi wanga, eni mbumba, anandiitana. Anali munthu wofatsa, ndipo ankalankhula akusenda nzimbe. "Akamwini, safunsa anadya phula. Mbewu ija mlongo wanga waisunga m'munda umenewu chibadwire mkazi wanuyu. Ikapanda kubwerera, kaya ngati mudzakolola nafe chaka chamawa."

Ndinachita mantha. Mkazi wanga ndinkamukonda, ndiponso anali woyembekezera. Ndinadziona ndikutsika phiri ndekha, mphasa ili paphewa, anthu a kwathu akufunsa kuti chakuvuta n'chiyani.

Njira inali imodzi: kudikira kuti chisoso chikhwime m'minda yakale ya kumtunda imene anthu anaisiya, n'kukatola njere. Koma m'phirimo munali mitundu iwiri yofanana ngati mapasa. Pabanjapo ankati chachikazi ndi chachimuna. Chachikazi ndiye ndiwo. Chachimuna n'chowawa, ngakhale mbuzi imangochinunkhiza n'kupitirira, ndipo chikalowa m'munda sichituluka. Ndinapempha mkazi wanga kuti andiuze kusiyana kwake. Iye anati, "Ine ndimangodziwa. Dzanja limathyola lokha." Mphunzitsi wotero sungakhoze naye mayeso.

Wodziwa kufotokoza anali apongozi, koma mkamwini safunsa apongozi ake aakazi maso ndi maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire mpaka wina adutse.

Tsiku lina ndikupita kumunda ndinapeza tizitsamba tiwiri pamwala wa pamphambano, tozulidwa kumene, mizu ikadali ndi dothi. Tinali titayalidwa bwinobwino, kena kumanja kena kumanzere. Ndinatiyang'anitsitsa, koma sindinaone kusiyana. Ndinangosankha kamodzi n'kukasiya pamwalapo, kanzake ndinakataya pansi. M'mawa mwake ndinapeza kamene ndinataya kaja kabwezeredwa pamwamba, kanga kali pansi. Apo ndinadziwa kuti sukulu yatsegulidwa, ndipo phunziro loyamba ndalakwa.

Zinapitirira motero masabata angapo. Popeza maso anandikana, ndinayamba kufunsa zala. Ndikapirikita tsinde la chachikazi pakati pa zala ndinkamva ngodya zinayi. La chachimuna ndi lobulungira, la cheya chobaya pang'ono. Tsamba la chachikazi ndi losalala, ndipo ukalifikisa limanunkhira ndiwo. La chachimuna limasiya fungo la nsikidzi m'manja, losachoka msanga. Ndinayamba kukhoza masiku otsatizana, mapewa n'kuyambanso kukwera.

Ndiye tsiku lina ndinasokonezeka. Ndinapirikita kena, kobulungira. Ndinapirikita kanzake, kobulungiranso. Ndinakhala pansi thukuta lili kamukamu, mpaka ndinazindikira kuti apongozi andiikira zachimuna zokhazokha. Ndinataya tonse tiwiri, ndipo ndinaseka ndekha panjira ngati wamisala. Ndinamva wina akutsokomola m'chimanga chapafupi, koma sindinacheuke.

Pofika mu Epulo phiri lonse linachita chikasu, ndipo pamwala paja panayamba kubwera maluwa. Patali onse ndi amodzi. Pafupi, duwa la chachikazi limatambasuka ngati lichero, pakati pake pali pafulati. La chachimuna timasamba take tachikasu timagwera m'mbuyo, pakati n'kutumphuka ngati kachulu. Ndinkakhala pamwalapo kanthawi dzuwa likamatuluka, maluwa awiri ali m'manja, nkhungu ikuchoka m'zigwa. Ine amene ndinkati chilichonse chosakhala chimanga kapena fodya ndi tchire, ndinayamba kuchedwa kumunda chifukwa cha maluwa.

Mu Meyi maluwa anayoyoka, kunatsala mitu youma yokha. Imeneyo ndiyo inali ntchito yovuta, chifukwa zonse zikauma zimada mofanana, fungo limatha, cheya chimathothoka. Ndinakwera kumtunda masiku anayi ndi thumba. Mutu uliwonse ndinkayamba ndatsata tsinde lake ndi zala mpaka pansi ndisanaudule. Buluku langa linadzaza njere, moti mkazi wanga ankati ndabwera ndi mbewu yambiri m'miyendo kuposa m'thumba.

Tsiku lachisanu masana ndinapereka thumbalo kwa mkazi wanga, iye anakapereka kwa amayi ake. Apongozi anakhala pamphasa atandifulatira. Ine ndinakhala patali pansi pa mtengo wa mango, ndikunamizira kukhoma mpini wa khasu umene unali wolimba kale. Anakhuthulira mitu ija m'lichero n'kuyamba kuitola umodziumodzi. Uliwonse ankauzunguza pakati pa zala, n'kuuponya m'dengu. Sanafulumire ngakhale pang'ono. Mtima wanga unkagunda ndi mutu uliwonse wogwera m'dengumo.

Chakumapeto dzanja lawo linaima. Anakweza mutu umodzi m'mwamba, pamene ankadziwa kuti ndiuona, kenako anauika pambali pa mphasa. Anapitiriza mpaka lichero linatha. Pambali paja panali mutu umodzi womwewo.

Anasasa m'manja, n'kulankhula kwa mwana wawo ndi mawu okwera kuposa mmene mtunda wa pakati pawo unkafunira.

"Uwauze aponye uwu pamoto. Ndiye mawa akadule nsungwi, nkhokwe yawo aimike kuseri kwa nyumba yanu. Chimanga chawo chisamasakanikirane ndi changa."

Munthu wopita samuuza kuti amange nkhokwe. Ndinawerama, n'kuomba m'manja katatu chapansipansi, misozi ikugwera pampini.