Mvuu Zong'aluka za ku Mukuni Park

Tsiku limene Nasilele anathamangitsidwa, amuna khumi ndi awiri anawomba m'manja. Mmodzi wa iwo anali Mweemba, mnyamata amene anamulonjeza ukwati.

Munali mu 1982. Nasilele anali atalephera mayeso a Fomu 3, ndipo bambo ake, amene anali mmisiri wosema ziboliboli, anali atamwalira. Gulu la osema a ku Mukuni Park, msika wa ziboliboli wa m'tauni ya pafupi ndi mathithi, linamulola kulowa m'malo mwawo, koma silinamupatse sompho. Linamupatsa sandipepa. Ntchito yake inali kusalaza zomwe amuna asema.

Gululo linali ndi kachitidwe kake. Tcheyamani, Ba Wamundila, ovala baji ya chipani pachifuwa, ankayamba kulankhula. Akamaliza, onse ankawomba m'manja katatu monga ankachitira pa misonkhano ya chipani. Basi, nkhani yatha.

Wamalonda wina wa ku Lusaka atafuna mvuu zosema mazana awiri, Ba Wamundila anagula mitengo ya mukwa yongodulidwa kumene. Manja anawombedwa.

Nasilele anazindikira tsiku loyamba lomwelo. Sandipepa inkamata, ndipo akaika mvuu patsaya, inkazizira.

"Mweemba, uyu mtengo ni wauwisi," anamunong'oneza.

"Iwe, khala zii. Ba Tcheyamani bakamba kale."

Patatha milungu itatu mvuu zinayamba kung'aluka misana, ina pambuyo pa inzake. Pamsonkhano Ba Wamundila anamuloza chala. "Ni uyu mkazi, anaziyanika padzuwa. Ayende!" Manja anawombedwa katatu. Mweemba anawomba akuyang'ana pansi.

Taganizani, inu owerenga. Mtsikana amene ankadziona kale atavala zoyera, mathithi akulira chapatali, anayenda wapansi mpaka kwawo ku Malota zala zikutuluka magazi. Ine ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwawa mpaka lero.

Anayamba kugulitsa mtedza wokazinga. Koma funso limodzi linkamudya. Ndiye ankatsata amisiri aja mmodzimmodzi, kumupatsa aliyense mtedza, n'kumufunsa pambali: "Ba tate, simunaone kuti unali wauwisi?"

Asanu ndi anayi anavomera. Ankadziwa! Aliyense ankaganiza kuti akudziwa yekha, ndipo ankaopa kutchedwa wotsutsa pa nthawi imene dzina limenelo linkatsekera munthu zitseko zonse.

Zinamutengera zaka ziwiri kuti akope asanu mwa iwo. Analibe malo pamsika, choncho ankasemera kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Anawaikira lamulo: woyamba kulankhula ndi amene akugwira chinthucho ndi manja ake, mtsogoleri amalankhula pomaliza, ndipo kuwomba m'manja n'koletsedwa. Aliyense ankabisa chibenthu cha mtengo m'nkhonya n'kuchiponya m'chitini, choyera ngati wavomera, chakuda ngati wakana. Chakuda chikapezeka, ngakhale chimodzi, ankamva kaye chifukwa chake asanaponyenso kachiwiri, ndipo kachiwiriko zochuluka ndizo zinkapambana.

Anthu ankawaseka. "Ba Komiti ya Chitini, lelo mwasema chani? Kapena mukali kuvota?"

Nyengo ya mvula wamalonda uja anabweranso pamsika, akufunafuna omusemera njovu zana limodzi pa mwezi umodzi. Nasilele atamva, anaifuna ntchitoyo ndi mtima wonse. Uwu unali mpata wowaonetsa Ba Wamundila! Atakhuthula chitini anapeza zoyera zisanu, chakuda chimodzi.

"Ni changa," anatero Ba Munsaka, mkulu wa onse. "Mtengo wouma tili nawo ni wa njovu makumi atatu chabe. Zinazo tizasema na chani, mwana wanga? Na mkwiyo wako?"

Nasilele anamva ngati amumenya pakamwa. Akanatha kuwakalipira, ndipo onse akanagonja. Koma anatenga chitini n'kuchiyendetsanso. Ataponyanso, zonse zisanu ndi chimodzi zinali zakuda, chake chomwe.

Anauza wamalondayo kuti akhoza kusema makumi atatu okha. Iye anaseka, napita kwa Ba Wamundila. Kumeneko manja anawombedwa katatu, ndipo njovu zinang'aluka zisanafike n'komwe ku Lusaka.

Chaka chotsatira wamalondayo anaimika galimoto ku Malota, kufunsa anthu kumene kunali nyumba ya chitini. Kuyambira pamenepo gulu la Nasilele linapeza malo ake pamsika, ndipo ogula ankadziwa kuti chosema chawo sichidzatseguka msana.

Kenako kunabwera Mweemba, chipewa m'manja, kudzapempha ntchito. Chitini chinatulutsa zoyera zisanu, chakuda chimodzi.

"Ni changa," anatero Nasilele. "Unadziwa, Mweemba. Ndine n'nakuuza. Koma unawomba."

"Na ise tinawomba, mwana wanga," anayankha Ba Munsaka. "Unatilandira."

Ataponyanso, chakuda chija chinalipobe, koma zoyera zinapambana. Nasilele anamvera gulu, namupatsa Mweemba sompho ndi zibenthu zake ziwiri. Za ukwati sanazitchulenso mpaka kalekale. Nkhani imeneyo inalibe chitini.

Palibe amene anapepesa. Ba Wamundila anakalamba akunenabe kuti dzuwa ndilo linalakwa.

Inu amene mwakhala kumapeto kwa benchi, mukumva kuzizira kwa mtengo patsaya pomwe anzanu akuwomba m'manja, simuli nokha. Ena asanu ndi anayi akudziwa, akungodikira wina ayambe. Akakuthamangitsani, musataye mtima. Pezani chitini chanu, ndipo tsiku limene chibenthu chakuda chidzatsutse inuyo, mudzachimvere.