Mng'alu Umene Anaubisa ndi Tchati

Lachiwiri lapitali ndinakwera matola kupita kwa mlongo wanga, kumbali ya Mwazisi. Ndinkakazonda mlamu wanga amene mwendo ukumuvuta. Za sukulu sizinali m'mutu mwanga.

Nditafika, mlongo wanga panalibe. Mlamu anati amayi onse aitanidwa kusukulu, chifukwa mawa lake kubwera alendo ochokera ku boma. Ndinamulondola komweko. Dzina la sukuluyo ndilisunga. Mukamaliza kuwerenga, mwina muona kuti likanatha kukhala la sukulu ya kwanu.

Ndinapeza bwalo lasesedwa, miyala ya m'mbali mwa njira yapakidwa laimu. Zimenezo tinazizolowera. Chimene chinandiimitsa chili m'chipinda cha Sitandade 2.

Khoma la kumbuyo linali ndi mng'alu woyambira kudenga mpaka pansi. Cham'mwamba unali waukulu moti mkono wanga ukanalowa mpaka pachigongono. Mtanda wonyamula denga unali utasuntha, wangogwira ndi nsonga yokha. Khomalo linapendekera mkati, kumene kumakhala ana.

Amayi awiri ankamata mng'aluwo ndi dothi. Wachitatu, mlongo wanga, ankatsatira pambuyo ndi laimu. Pamwamba pamene dothi linkakana kugwira, aphunzitsi anakhomapo tchati chachikulu cha zilembo.

"Nyamhango, mukutani?" ndinamufunsa mlongo wangayo.

"Tikukonza, adumbu," anatero, monga timaitanira alongo m'Chitumbuka. "Mawa alendo."

"Uku n'kukonza?"

"Nanga tiwaonetse zimenezi? Inu kwanu kukabwera mlendo mumamuyalira mphasa yong'ambika?"

"Tawonga amakhala pati?"

Analoza ndi burashi, osacheuka n'komwe. Pansi penipeni pa mng'aluwo. Tawonga ndi mwana wake womaliza. Mano akumaso angoguluka kumene.

Ndinatuluka m'chipindamo.

Panja ndinapeza wapampando wa komiti ya sukulu, a Gondwe. Ndi mlimi wa fodya, munthu waulemu wake, ndipo ndi iwo anatsogolera kuumba njerwa za sukuluyi. Ndinawafunsa kuti mng'aluwo unayamba liti.

"Dzinja lathali," anatero. "Koma khomali n'lolimba chomene, a Mhango. Njerwa tinawotcha tokha."

"Ndiye mukuubisiranji?"

"Mlendo ndi mame. Abwera m'mawa, masana apita. Akapita tidzaona chochita. Koma mbiri yoti sukulu yathu ndi bwinja, imeneyo ikatuluka siibwerera."

Kenako ndinafunsa ahedi kuti alendowo akudzatani. Anayankha osandiyang'ana. Akuti akuyendera masukulu kuti aone amene akufunika thandizo mvula isanayambe: zipinda, zimbudzi, nyumba za aphunzitsi.

Mwamva bwino, owerenga? Anthu ankabwera kudzafuna malo owonongeka kuti awakonze. Mudzi wonse unataya tsiku lathunthu, kusiya kuthirira nazale za fodya, n'cholinga choti anthuwo asapeze chilichonse.

Ndimati ndibwerere tsiku lomwelo. Ndinagona.

M'mawa mwake galimoto inafika ndi fumbi lake. Wotsogolera anali mlangizi wa zamaphunziro, mayi wamsinkhu, wolankhula Chichewa cha ku Ntcheu. Ana anaimba. Atalowa mu Sitandade 2 anamupatsa mpando kumbuyo, moyandikana ndi khoma lija, ndipo anamvetsera phunziro lonse atalifulatira. Potuluka anayamikira tchaticho kuti n'cholembedwa bwino.

"Ahedi, mwagwira ntchito," anatero pabwalo. "Kumene tinali dzulo n'komvetsa chisoni. Kuno ndiye mtima wanga wakhala pansi."

Anthu anawomba m'manja. Mlongo wanga anaimba nthungululu.

Ine sindine wa komiti. Sindine kholo pasukulupo. Ndinenso mlendo, ndipo ndikudziwa kuti mlendo salankhula za m'nyumba ya eni. Koma mayiyo atatsegula chitseko cha galimoto, ndinayandikira.

"Amayi, pepani. Tchati chija mwangochiona kumaso."

Anandiyang'ana kanthawi. Sanafunse dzina langa. Anatseka chitseko n'kubwerera m'kalasi, ife tonse pambuyo. Atazula msomali umodzi, tchati chinalendewera, ndipo dothi la dzulo, likadali lonyowa, linagumuka n'kugwera pakati pa ana. Dzuwa linalowa pamng'alupo.



"Ana atuluke," anatero mayiyo. "Pang'onopang'ono. Wina asathamange, wina asagwire khoma."

Anaima pakhomo mpaka mwana womaliza atadutsa. Atatero anatembenukira kwa ahedi.

"Bambo, mumadikira chiyani? Maliro?"

Ndinkayembekezera bodza. Zimene ahedi anayankha zinandidzidzimutsa kuposa mng'alu womwe.

"Madamu, ine ndinanenapo. Pamsonkhano wa mahedi, mng'alu ukadali waung'ono. Abwana amene analipo nthawi imeneyo anandifunsa pagulu kuti ngati khoma likundikanika, ana ndiwasamala bwanji. Anzanga anaseka. Potuluka wina ananditengera pambali. Anati, iwe, ukamadandaula chomene akuponyera kumene galimoto siifika. Kuyambira pamenepo, alendo akabwera ndimati zonse zili bwino."

Mayiyo anangoyang'ana khoma.

Ndakhala ndikuganiza za nkhaniyi sabata yonse. Pasukulupo palibe munthu woipa. Mlongo wanga amamukonda Tawonga kuposa moyo wake. A Gondwe sanadyepo kanthu pasukuluyo. Ahedi amafika pantchito anzawo asanadzuke. Komabe anthu abwinowa anagwirizana, mosangalala, kumata dothi pa chinthu chimene chikanapha ana awo.

Zatheka bwanji?

Mbali ina ndi ulemu wathu. Tinaleredwa kuti mlendo asaone umphawi wa pakhomo. Khalidwe limeneli n'labwino pa chinkhoswe. Koma wa ku ofesi ya zamaphunziro sabwera kudzafunsira mbeta. Ali ngati dokotala. Ndi angati a ife timasamba, kuvala zoyera, n'kukauza dokotala kuti "ndiliko bwino" pamene usiku wonse sitinagone?

Ndipo musaganize kuti timabisa makoma okha. Funsani mphunzitsi aliyense amene mumamwa naye tiyi. Tsiku la alendo, mwana amene sadziwa kuwerenga amamukhazika kumbuyo, kapena amamuuza kuti lero akathandize amake kudimba. Mwana wosamva bwino salozedwa. Phunziro limene alendo aonere, ana analibwereza kale dzulo ndi dzana, moti manja onse amakwera pamodzi. Chimbudzi cha atsikana chopanda chitseko, alendo amawadutsitsa njira ina.

Pamene ku ofesi kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza pa mavuto amenewa. Alipo oona za ana ovutika kumva ndi kuona. Alipo othandiza mphunzitsi amene kalasi yamukulira. Alipo oona za nyumba ndi chitetezo cha ana. Zipangizo zawo n'zochepa, tonse tikudziwa. Zochepazo amazipititsa kumene aona bala. Ife tikaphimba bala, amadutsa n'kumatithokoza.

Mphunzitsi amene anaonetsa phunziro loloweza sadzathandizidwa pa limene limamuvuta. Mwana amene anatumizidwa kudimba, ku boma sakumudziwa kuti alipo. Tamupulumutsa ku manyazi a tsiku limodzi, ndipo tamusiya momwemo chaka chonse.

Koma ndisanamizire mudzi wokha. Mantha a ahedi sanagwe kumwamba. Munthu akanena vuto n'kusekedwa pagulu, waphunzira. Anzake amene anaseka nawonso aphunzira. Ofesi ikamabwera ngati khoti, sukulu iliyonse imasanduka wozengedwa mlandu, ndipo wozengedwa mlandu sabweretsa yekha umboni womumangitsa.

Inu a ku maofesi, mukamauza sukulu tsiku limene mubwere, mumayembekezera kupeza chiyani? Munayamba mwamuyamikirapo pagulu mphunzitsi wamkulu chifukwa choti wakuonetsani chinthu choipa? Munafikapo pasukulu tsiku wamba, n'kuyamba kuzungulira kuseri musanakhale pampando?

Mayi uja ndimamulemekeza. Chipindacho anachitseka tsiku lomwelo. Sanalonjeze chipinda chatsopano. Anangoti atumiza wodziwa za zomangamanga kuti adzaone ngati khomalo lingapulumuke. Pakadali pano Sitandade 2 ikuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Nyika.

Ine sindinachoke ngati ngwazi. A Gondwe anandipeza pamsewu ndikudikira matola.

"Mwativula, a Mhango," anatero motsitsa mawu. "Pamaso pa mlendo. Yewo chomene."

Mlongo wanga sanandiperekeze. Chikwatiwire, aka n'koyamba. Anangoima pakhonde n'kunena kuti, "Mwana wanga akukhala pafumbi chifukwa cha inu, adumbu."

N'zoona. Akukhala pafumbi. Pamwamba pake pali masamba okhaokha, ndipo ine ndikugona tulo.

Chimene chikundisautsa tsopano n'china. Mlamu wandiuza pafoni kuti ahedi aitanidwa ku boma sabata ya mawa kuti akafotokoze. Nkhaniyi yafika kale m'masukulu oyandikana nawo, ndipo mahedi onse atchera khutu kuti amve zimene zimuchitikire mnzawo. Ena mwa iwo ali ndi makoma awo opendekeka, ndi ana a anthu atakhala pansi pake.

Ahedi analakwa, sindikuwaikira kumbuyo. Koma inu amene mukhale nawo m'chipinda chimenecho, ganizani musanatsegule pakamwa. Mukawakalipira n'kuwaponyera kutali, anzawo aphunzirapo chiyani: kunena msanga, kapena kumata bwino?