Khanda la m'dengu la zochapa

Mayi Mérancia Dorval anayamba kuchapa zovala kunyumba ya mfumu ku Milot ali mtsikana. Nthawi imeneyo dziko la Haiti linali logawika pawiri: ife akumpoto tinali ndi mfumu, akummwera anali ndi pulezidenti, ndipo amuna ankapita kunkhondo osabwerako. Koma amuna awo, a Anténor, sanafere kunkhondo. Anatengedwa kukasenza miyala yomangira linga la mfumu pamwamba pa phiri, ndipo mwala unawagubudukira. Mayiwo anatsala ndi pakati, mwanayo atabadwa sanakhalitse.

Posakhalitsa asilikali anaukira mfumu, mfumuyo n'kufa. Anthu anathyola zitseko, wina kutuluka ndi mpando, wina kalilole. Achibale a mfumu ankasakidwa. M'chipinda cha m'bale wina wa mfumu, yemwe anali atagwidwa kale pamodzi ndi mkazi wake, Mayi Mérancia anapeza khanda lachikazi. Analiyamwitsa mpaka linagona, n'kuliika m'dengu, n'kuphimba ndi nsalu zakuda.

Pachipata msilikali anawaseka. "Mayi, anzanu akutuluka ndi siliva, inu nsanza?"

"Iwe, siliva umafunda?" anatero, n'kudutsa.

Anasamukira kwathu kuno ku Dondon, mwanayo n'kumutcha Célimène. Ankathyola khofi m'minda ya eni ndi kugulitsa buledi wa chinangwa pamsika. Ine ndinali mnansi wawo, koma sindinkadziwa kanthu. Célimène mwiniyo anauzidwa zoona atatsala pang'ono kukwatiwa ndi Dorcély, wogulitsa nyulu, munthu wa pakamwa posatseka.

Papita zaka pafupifupi makumi atatu, ufumu unabwerera. Mfumu ina inavala chisoti ku Port-au-Prince, n'kumagawa maudindo ngati mtedza. Dorcély anasowa mtendere.

"Apongozi, mwana wa kubanja lachifumu azikhala m'nyumba yodontha? Tiyeni mukatichitire umboni."

"Umboni woti chiyani, akamwini? Woti ndinaba mwana?"

"Ayi, woti ndiyenera chipewa cha nthenga!"

"Nthenga zili m'khola la nkhukumo. Tengani."

Anakana kupita. Dorcély ndi mkazi wake ananyamuka okha pa nyulu. Kumeneko anapeza bwalo lodzaza ndi anthu, ambiri akuti ndi magazi a mfumu yakale. Mlembi wina anawayang'ana n'kunena kuti, "Kodi mfumuyo inali ndi abale ochuluka chonchi? Nanga tsiku lomwe inafa lija munali kuti?" Anabwerera chimanjamanja.

Pobwera anadzera ku Milot. Nyumba yachifumu inali itagwa ndi chivomezi, mbuzi zikudya udzu pamakwerero. Nkhalamba ina inalozera Célimène pomwe panali zipinda za makolo ake, kenako inamulozera kuphiri n'kumutchulira mayina a anthu omwe anafera miyala. Dzina la a Anténor linali momwemo.

Atafika kwawo anatha masiku osayankhula bwino. Tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde, Célimène anafunsa mayi ake, ine ndikumva.

"Amayi, banja limenelo ndi lomwe linakupherani amuna. Munanditengeranji?"

Mayi Mérancia sanaleke kusenda. "Ndinafuna kukusiya. Ndinafika mpaka pakhomo. Koma unkalira, ine mkaka n'kuyamba kutuluka wokha. Za mfumu sindinaziganize n'komwe."

"Simunadanepo nane?"

"Masiku ena ukakwiya, ndinkaona nkhope ya kwanu. Ndinkanyamula zochapa kupita kumtsinje, kukamenya pamwala mpaka mtima ukhale pansi. Ndikabwera ndinkakupeza wagona pakhomo ukundidikira."

Célimène analira, koma mayi ake anangomukankhira mpeni kuti apitirize ntchito.

Mfumu yatsopano ija nayonso inathamangitsidwa, ndipo omwe analandira zipewa za nthenga anazibisa pansi pa bedi. Dorcély anayamba kuuza anthu pamsika kuti iye udindo anachita kuukana yekha. Mayi Mérancia anamwalira m'dzinja lotsatira, manja atapindika ndi nyamakazi. Wansembe atafunsa kuti malemuyo asiya ana angati, Célimène anayankha kuti awiri, wina anatsogola kale. Ana a Célimène amadziwa kumene mayi awo anachokera, koma palibe amene anavutikapo kukaona ku Milot.