Ndinachotsetsa Mnzanga Ntchito Chifukwa cha Paramita Yanga

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa munthu ntchito pa mlandu umene unali wanga. Nkhaniyi yanditsamwa zaka zambiri, lero ndati ndiilavule.

Zinachitika ku Salima, matipate adakali wamuwisi, nthawi imene aliyense ankayang'ana mnzake cham'mbali n'kumadzifunsa kuti kodi uyu ngwa chipani chiti. Ndinkagwira ntchito ya pakompyuta ku bungwe lina lothandiza anthu akumudzi. Mayina a anthu a m'madera athu onse tinkawasunga m'fayilo imodzi ya mtundu wotchedwa XML. Kuti tizitulutsa mndandanda wa dera limodzi, ndinalemba sitayiloshiti, kafayilo ka malamulo kouza kompyuta mayina oti isankhe ndi mmene iwayalire papepala. M'menemo munali mavariyabulo, amene ukangowaika sasinthanso, monga dzina la ofesi. Munalinso paramita imodzi, ya dera, imene umaiuza nthawi iliyonse potulutsa mndandanda. Ukapanda kuiuza siifunsa ayi, imangotenga chimene chinalembedwamo kale.

Chaka china madzi anakokolola nazale za mpunga ku Lifuwu, ndipo bungwe linapeza mbewu ya mpunga yoti alimi afesenso. Sabata imeneyo ine ndinali kumaliro kwathu ku Ntcheu, choncho mndandanda anatulutsa a Saidi, mnzanga wa muofesi, munthu wa ku Chipoka. Anatulutsa mothamanga, n'kupatsa dalaivala wa lole ya mbewu envulopu osawerenga. Abale inu, lole ija inakatsitsa mbewu yonse ku Chipoka, kwa asodzi! Ena anangokonola n'kuphika. Alimi a ku Lifuwu anafika pa ofesi maso ali psuu.

Nditabwerako ndinapeza manong'onong'o okhaokha. Ati a Saidi akondera abale awo. Ati mlamu wawo akufuna kuimira ukhansala, mbewuyo yapita kukampeni. Inenso mtima unayamba kutolera maumboni. Ndinakumbukira kuti tsiku lina ndinawaona akunong'onezana ndi dalaivala. Lachisanu akachedwa kubwera kuchokera kumzikiti, ndinkati amenewa amadzera kumisonkhano ya ndale. Ngakhale moni wawo ndinayamba kuukayikira.

Bwana atandifunsa ngati kompyuta ingalakwitse yokha, ndinayankha modzitukumula kuti sitayiloshiti yanga siinama, imatulutsa zimene munthu waiuza. A Saidi analumbira, Wallahi, kuti anangochita mmene ankandionera ine ndikuchitira. Ine ndinaseka pamaso pawo. Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo.

Patapita miyezi iwiri ndinatsegula fayilo ija kuti ndikonze zina. Pa mzere wa paramita panali dzina loti Chipoka, lili phee. Ndinalemba ndine, tsiku limene ndinkayesa sitayiloshitiyo, ndipo ndinaiwala kufufuta. Ine potulutsa mndandanda ndinkaiuza paramitayo dera mwachizolowezi, koma a Saidi sindinawauzepo kuti pamafunika kutero. Ndiye mukudziwa chimene ndinachita? Ndinafufuta mwakachetechete, osauza munthu, poopa kuti nanenso andipirikitsa.

Chaka chitatha ndinalimba mtima n'kupita ku Chipoka. Ndinawapeza a Saidi akuyanika usipa pa thandala, ataonda. Ndinawafotokozera zonse. Kenako anati, “Achimwene, zoti sindinabe ine ndikuzidziwa kale. Kauzeni abwana ndi anthu a ku Lifuwu, chifukwa mpaka lero ana anga amawanena kuti ana a wakuba mbewu.”

Ndinalonjeza, koma sindinapite. Ndinkati mawa, mawa, chifukwa cha manyazi.

Inu amene mumagwira za makompyuta, chonde musamasiye dzina loyesera m'paramita. Konzani zoti ikapanda kuuzidwa dera, ikane kutulutsa chilichonse, ndipo amene mukumusiyira ntchito mumuuze zonse. Nonsenu ndikuti, musanaloze mnzanu chala, yambani mwasanthula zanu, ndipo mukapeza kuti wolakwa ndinu, nenani tsiku lomwelo. A Saidi anamwalira anthu akuwayesabe wakuba, ndipo munthu amene akanawayeretsa ndinali ine ndekha.