Kambuzi pa Khonde la Bwana

Zenera la nyumba ina kwathu linali ndi waya wotchinga udzudzu, ndipo tikachokapo mphuno zathu zinkatsala ndi timizere ngati nsomba yowamba. Nyumbayo inali ya bwana wina wa boma amene anawatumiza ku Monkey Bay kuchokera kumtunda. Masiku amenewo dziko lathu linalibe wailesi ya kanema, koma iwo anali ndi vidiyo yochokera ku Joni ndi matepi a makatuni. Ife ana a asodzi tinkathamangirako masana aliwonse m'nyengo ya mwera, miyendo ili mbuu, manja akununkha usipa umene tinkathandiza amayi kuyanika.

Chingerezi sitinkachimva, koma makatuni sankafuna chinenero. Nkhumba yovala jekete inkayendetsa galimoto, galu akapsa mchira ankaulukira m'mitambo, mphaka akamugwetsera chitsulo ankaphwatalala ngati mkeka, kenako n'kudzipopa yekha, n'kuyambiranso liwiro. Mitundu yake inkawala kuposa nsalu zatsopano za pa Idi, ndipo nyimbo inkatsatira phazi lililonse, ngakhale kuphethira kwa diso. M'dziko limenelo munalibe maliro. Ndicho chinkatikoka ife, amene chaka ndi chaka tinkaona amuna akuvuulidwa m'nyanja atatupa.

Wosankha olowa anali Dalitso, mwana wa bwanayo. Ana a aphunzitsi ndi a asilikali ankakhala pa simenti m'kati, ife n'kumakankhana panja. Tsiku lina anandiona nditanyamula mphaka wanga, Kambuzi, amene ndinamutola ali wakhanda kuseri kwa mzikiti n'kumulera ndi mitu ya nsomba. "Mawa ubwere nayeyo, udzalowa," anatero. Tsiku lotsatira ndinasamba, ndinadzola mafuta a amayi, ndinamanga mpango wanga wa ku madrasa. M'nyumbamo munkanunkhira polishi ndi sopo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona chithunzi chonse popanda mutu wa munthu kutsogolo. Kambuzi anagona pamiyendo panga akuliza kam'mero kake.

Kenako magetsi anazima. Ana anadandaula, koma Dalitso anaimirira akumwetulira, nati tipange makatuni athu. Anandilanda mphaka, anamumangirira ku mzati wa khonde, nakwera pa kampanda atanyamula simbi yositira ya makala, ija yolemera. Mnyamata wina wamkulu anandigwira manja kumbuyo. "Usalire iwe, adzuka," ankatero Dalitso, ndipo mtima wanga wina unamukhulupirira, pakuti ndinali nditaziona ndi maso anga kambirimbiri. Simbi inagwa popanda nyimbo. Ana anaomba m'manja, kudikira. Kambuzi sanaphwatalale. Anangoyamba kukwawa ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikukokeka, kukamwa kuli yasaa koma mawu osatuluka.

Wina anakaitana ababa kugombe kumene ankasoka ukonde. Anafika, navula kofia pageti. Mayi a Dalitso, amene anaima pakhonde ndi akuluakulu ena, sanawalonjere. "Mwana wanu wabweretsa chinyama chauve, taonani khonde langa. Mukudziwa kuti pano ndi pa yani?" Ankadziwa. Tonse tinkadziwa kuti mawu amodzi ochokera m'nyumba ngati imeneyo ankatha kutengetsa munthu pa galimoto, abale ake osamuonanso. Ababa, amene ankalowa m'mafunde a mwera anzawo atakana, anagwada pafumbi n'kupepesa.

Ine anandipatsa ndowa ndi chiguduli. Ndili mkati mokolopa magazi, magetsi anayaka, nyimbo ija inayambiranso, ana n'kuthamangira m'nyumba, ndipo posakhalitsa kuseka kwawo kunamveka mpaka kumsewu. Ababa anamuika Kambuzi m'thumba, akupumabe, nalowera kumabango. Anabwerako chimanjamanja, nakhala nthawi yaitali akusamba m'manja. Sitinakambirane za tsikulo mpaka imfa yawo.

Lero zidzukulu zanga zimaonera makatuni pa foni, aliyense payekha, popanda womupempha chilolezo. Ndikakhala nazo ndimaseka ndithu, ndipo ndimaziuza kuti akale aja anali okoma kuposa awa, zomwe ndi zoona. Dalitso ndinamukhululukira kalekale. Anali mwana wonamizidwa ndi zithunzi monga ine ndemwe. Amene sindinawakhululukire ndi akuluakulu aja, amene ankadziwa bwino kuti chophwanyika sichidzuka, komabe anaima pakhonde kuyang'ana ababa akusasa fumbi m'mawondo pamaso pa mwana wawo.